Akamvulumvulu a m'nyanja ndi chisanu cha ku Dedza

Ikafika miyezi ya Juni ndi Julayi, Dedza amadziwika ndi chisanu. Nkhungu imakuta phiri, madzi a pachitsime amaluma zala, ndipo apaulendo a mumsewu wa M1 amene anyamuka ku Lilongwe atavala malaya okha amayamba kusakasaka majuzi asanafike paboma. Ambiri akafunsidwa chifukwa chake amati derali ndi lokwera, ndipo sanama. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera.

Komabe kukwera kwa malo sikufotokoza zonse. Phiri silisuntha, koma m'nyengo yomweyo pali masiku ena dzuwa limawala bwino, pamene masiku ena kumachita mdima, mvula yowaza nkumagwa, mphepo yozizira ikuomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa. Mphepo imeneyi ndi yobwera. Ulendo wake umayambira makilomita 3,000 mpaka 4,000 kum'mwera kwa Dedza, pamwamba pa nyanja ya Southern Ocean yomwe yazungulira dziko la madzi oundana la Antarctica. Kumeneko madzi ofunda amakumana ndi madzi ozizira, ndipo malire a pakati pawo amasungidwa kapena kugumulidwa ndi madzi ozungulira amene tingawatche akamvulumvulu a m'nyanja. Dziko likamatentha, zimene akamvulumvuluwa akuchita zikufika mpaka m'minda ya kachewere ya ku Bembeke.

Malire osaoneka m'nyanja

Munthu akayang'ana pa mapu amaona ngati nyanja yamchere ndi dziwe limodzi la madzi ofanana. Sizili choncho. Madzi amasiyana pa kutentha ndi kuchuluka kwa mchere, ndipo madzi osiyana sasakanikirana msanga. Aliyense amene anaonapo mtsinje wa matope ukuthira m'nyanja ya Malawi m'dzinja akudziwa kuti pamakhala mzere woonekeratu, uku madzi ofiira, uku obiriwira. M'nyanja zikuluzikulu mizere yotereyi imatalika makilomita masauzande ambiri. Akatswiri amaitcha kuti fronts pa Chingerezi, ndipo ife tiitcha malire a madzi.

Sitima ikanyamuka ku Cape Town kulowera kum'mwera imadutsa malire angapo. Oyamba ndi Subtropical Front, cha pa madigiri 40 kum'mwera kwa equator, pomwe madzi ofunda ndi amchere wambiri amalekezera. Kenako pali Subantarctic Front, ndipo cha pa madigiri 50 pali Polar Front, pomwe madzi ozizira kwambiri ochokera ku Antarctica amamira kunsi kwa madzi ofundirapo. Podutsa pamenepa, kutentha kwa madzi kumatsika ndi madigiri 2 kapena 3 pa mtunda waufupi, ndipo ngakhale mitundu ya mbalame ndi nsomba imasintha. M'chaka cha 1995 katswiri wina, Alejandro Orsi, ndi anzake adajambula mapu a malirewa kuzungulira Antarctica yense, ndipo mapuwo akugwirabe ntchito mpaka lero.

M'malire amenewa ndi momwe mumathamanga mtsinje waukulu kuposa yonse ya m'nyanja, wotchedwa Antarctic Circumpolar Current. Umayenda kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, ndipo palibe mtunda womwe umautchinga. Pamene wapanikizika kwambiri ndi pa Drake Passage, mpata wa makilomita pafupifupi 800 pakati pa South America ndi Antarctica. Madzi amene umanyamula amaposa ka 100 madzi a mitsinje yonse ya pamtunda itaphatikizidwa, kuwerengera Zambezi, Congo, Nile ndi Amazon. Mtsinjewu pamodzi ndi malire ake uli ngati mpanda wotchinga madzi ofunda kuti asafike ku Antarctica. Ndicho chimodzi mwa zifukwa zimene madzi oundana a kumeneko akhalira osasungunuka kwa zaka mamiliyoni ambiri.

Kamvulumvulu wa m'madzi

Mpandawu suli ngati khoma la njerwa. Mtsinje wa m'nyanja umakhotakhota ngati Linthipe m'chigwa, ndipo kukhotako kukakula, chigawo china chimaduka n'kusanduka madzi ozungulira paokha. Awa ndiwo akamvulumvulu a m'nyanja, amene pa Chingerezi amatchedwa eddies. Kamvulumvulu wa pabwalo m'chilimwe amatha m'kanthawi kochepa, koma wa m'nyanja amatha kukhala wa makilomita 10 mpaka oposa 100 m'mimba mwake, kuzama kwake n'kupitirira mamita 1,000, ndipo amazungulira kwa masabata, miyezi, ena mpaka chaka ndi kupitirira.

Chofunika kwambiri ndi katundu amene amanyamula. Kamvulumvulu amene waduka kumpoto kwa malire n'kulowera kum'mwera amatenga madzi ofunda m'mimba mwake. Amene waduka kum'mwera n'kulowera kumpoto amatenga madzi ozizira odzala ndi chakudya cha tizomera ta m'nyanja. Motero akamvulumvulu ndiwo amalonda odutsa malire: pamene mtsinje waukulu ukungozungulira kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, iwo ndi amene amaolotsa kutentha kupita nako ku Antarctica.

Kale zinali zovuta kuwaona. Zinthu zidasintha mu 1992 pamene mayiko a America ndi France adatumiza mumlengalenga setilaiti yotchedwa TOPEX/Poseidon, yoyeza kukwera ndi kutsika kwa pamwamba pa nyanja. Madzi ofunda amatukumuka, choncho kamvulumvulu wofunda amaoneka ngati kachulu kokwera masentimita angapo kapena makumi angapo, pamene wozizira amaoneka ngati kadzenje. Kuyambira cha m'ma 2000 kudabweranso makina oyandama otchedwa Argo, amene lero alipo pafupifupi 4,000. Aliyense amamira mpaka mamita 2,000, n'kutumphuka pakatha masiku 10 ndi kutumiza uthenga wa kutentha ndi mchere wa madzi. Mu Disembala 2022 kudatumizidwa setilaiti ina, SWOT, yomwe imaona ngakhale akamvulumvulu ang'onoang'ono.

Nyanja yoyandikana nafe

Nkhaniyi si ya ku Antarctica kokha. Ena mwa akamvulumvulu akuluakulu padziko lonse amabadwira pafupi ndi kwathu kuno, m'nyanja ya Mozambique Channel, pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Kuchokera ku Dedza kukafika kugombe la ku Quelimane pali makilomita pafupifupi 500 okha mongolunjika.

Mabuku akale a m'sukulu ankajambula mtsinje umodzi wotchedwa Mozambique Current wotsetsereka m'mbali mwa gombe. Koma mu 2002 gulu la akatswiri a ku Netherlands lotsogozedwa ndi Will de Ruijter lidaonetsa kuti m'nyanjayi mulibe mtsinje woyenda mosadukiza. M'malo mwake muli mndandanda wa akamvulumvulu ofunda, aliyense wa makilomita pafupifupi 300 m'mimba mwake, mtunda wofanana ndi ulendo wa pamsewu wochokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre. Anayi kapena kupitirirapo pang'ono amadutsa chaka chilichonse, akulowera kum'mwera mwandawala.

Akafika cha kumalire a Mozambique ndi South Africa amathira madzi awo mu Agulhas Current, mtsinje wofunda ndi waliwiro womwe umadutsa kufupi ndi Durban. Mtsinjewu ukafika kum'mwera kwa Cape Agulhas, nsonga yeniyeni ya Africa, umatembenuka mwadzidzidzi n'kubwerera kum'mawa. Potembenukapo pamaduka akamvulumvulu ena akuluakulu, otchedwa Agulhas rings, amene amatenga madzi ofunda ndi amchere a m'nyanja ya Indian kupita nawo ku Atlantic. Madzi otsalawo amayenda kum'mawa cha pa madigiri 40, moyandikana ndi Subtropical Front. Apa ndi pamene madzi amene anadutsa kufupi ndi Beira amakumana maso ndi maso ndi madzi ozizira a kum'mwera, ndipo ndi amodzi mwa malo padziko pomwe kutentha kwa nyanja kumasintha kwambiri pa mtunda waufupi.

Mphepo ikukula, nanga malire?

Kutentha kwa dziko kwakhudza kale dera limeneli. Nyanja zamchere zameza gawo loposa 90 pa 100 lililonse la kutentha kowonjezera kumene mpweya woipa wa m'mafakitale, m'magalimoto ndi m'nkhalango zotenthedwa wasunga padziko, ndipo Southern Ocean ndiyo yameza gawo lalikulu kuposa zinzake. Kuwonjezera apo, kuyambira zaka za m'ma 1970 mphepo zamphamvu zochokera kumadzulo, zimene zimakankha Antarctic Circumpolar Current, zakula mphamvu ndipo zasunthira kum'mwera, makamaka m'miyezi ya Disembala mpaka Febuluwale. Zifukwa zake ndi ziwiri: kuchuluka kwa mpweya wotenthetsa dziko, komanso kubooka kwa chophimba cha ozone pamwamba pa Antarctica, kumene akatswiri a British Antarctic Survey adaulula mu 1985 ndipo kudachititsa pangano la Montreal la mu 1987.

Poyamba ambiri ankayembekezera kuti mphepo ikakula, mtsinje nawo uthamanga kwambiri ndipo malire onse asunthira kum'mwera. Zoyeza zidaonetsa zina. Mu 2008 Claus Böning wa ku Kiel m'dziko la Germany ndi anzake adayerekeza zoyeza za makina a Argo ndi za sitima zakale. Adapeza kuti madzi afunda ndithu ndipo mchere wachepa, koma kupendekeka kwa magawo a madzi, komwe ndi gwero la mphamvu ya mtsinjewo, sikudasinthe kwenikweni.

Chifukwa chake tingachimvetse poyang'ana mulu wa chimanga chotonola pamsika. Wogulitsa akamathira chimanga pamwamba, muluwo sufika poima chilili. Ukangopendekeka kupitirira muyeso wake, njere zimagumukira m'mbali. Akathira mofulumira, zimagumukanso mofulumira, ndipo kupendekeka kwa mulu kumakhala komweko. Mphepo ili ngati wothira chimanga: imakankhira madzi a pamwamba kumpoto n'kuimiritsa malire. Akamvulumvulu ali ngati njere zogumuka: amagonetsa malirewo. Mphepo ikawonjezera mphamvu, mphamvu yambiri imathera pobala akamvulumvulu ochuluka ndi aukali, osati pothamangitsa mtsinje. Akatswiri amatcha zimenezi eddy saturation.

Umboni wake ukuchulukirachulukira. Mu 2006 Michael Meredith ndi Andrew Hogg adaona kuti mphepo ikakula kwambiri, akamvulumvulu a ku Southern Ocean amachuluka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Mu 2016 Lisa Beal ndi Shane Elipot a ku University of Miami adapeza kuti kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Agulhas Current sidawonjezere liwiro monga ankaganizira, koma idatambasuka m'lifupi chifukwa cha kuchuluka kwa akamvulumvulu. Mu 2021 Josué Martínez-Moreno wa ku Australian National University ndi anzake, atasanthula zoyeza za masetilaiti za zaka zoposa 25, adapeza kuti m'madera momwe akamvulumvulu ndi ambiri kale, mphamvu yawo ikukwera ndi 2 mpaka 5 pa 100 m'zaka 10 zilizonse. Nawo malire a Antarctic Circumpolar Current sadasunthe paliponse mofanana. M'malo ambiri agwidwa ndi mapiri ndi zigwa za pansi pa nyanja, zimene zimaumiriza mtsinje kudutsa m'mipata yomweyo.

Mtengo wa mpanda wosagwa

Wina angaganize kuti iyi ndi nkhani yabwino, popeza mpanda sunagwe. Koma mpandawu waima chifukwa ukudontha kwambiri. Akamvulumvulu ochuluka amatanthauza kutentha kochuluka koolotsedwa kupita kum'mwera.

Kunsi kwa madzi ozizira a pamwamba ku Southern Ocean kuli madzi ofundirapo pang'ono otchedwa Circumpolar Deep Water. Sali otentha monga timadziwira kuno, koma ndi ofunda mokwanira kusungunula madzi oundana. Pafupi ndi gombe la Antarctica pali malire ena omaliza amene amawatchinga, ndipo akamvulumvulu ang'onoang'ono ndi amodzi mwa njira zimene madziwa amadutsira. Kumadzulo kwa Antarctica alowa kale kunsi kwa zimiyala za madzi oundana za Thwaites ndi Pine Island, n'kumazidya chakunsi ngati chiswe. Zimenezi zikasungunuka, nyanja imakwera, ndipo mizinda yotsika ngati Beira ndi Quelimane ndiyo imayamba kumva. Doko la Beira ndi limodzi mwa makomo amene mafuta a galimoto ndi feteleza wa ku Malawi amalowera. Mu Febuluwale 2023 madzi oundana oyandama kuzungulira Antarctica adachepa kufika pa masikweya kilomita 1.79 miliyoni, kuchepa kumene kunali kusanaonekepo chiyambire kuyeza ndi masetilaiti mu 1979.

Palinso nkhani ya mpweya wa carbon dioxide. Southern Ocean imameza pafupifupi 40 pa 100 ya mpweya wotere wochokera ku ntchito za anthu umene nyanja zonse zimameza. Kuchuluka kwa umene idzapitirize kumeza kukudalira kulimbana komweku kwa mphepo ndi akamvulumvulu, chifukwa mphepo imakokera pamwamba madzi akuya okhala ndi carbon wakale, pamene akamvulumvulu amabweza gawo lina la kukokako.

Chilumba cha Marion, cha dziko la South Africa, chili pakati penipeni pa malirewa, cha pa madigiri 46 kum'mwera. Zoyeza za kumeneko zikuonetsa kuti kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1900 kwatentha ndi digiri yoposa imodzi ndipo mvula yachepa. Sitima ya kafukufuku ya SA Agulhas II imapitako chaka ndi chaka kuchokera ku Cape Town, ndipo akatswiri monga Isabelle Ansorge wa ku University of Cape Town akhala akulondola akamvulumvulu obadwira pa mapiri a pansi pa nyanja kumadzulo kwa chilumbachi, momwe nyama za m'nyanja zimakasaka chakudya.

Ulendo wa mphepo kukafika ku Dedza

Tsopano tibwerere kumtunda. Pamene madzi ofunda ayandikana ndi ozizira, mpweya wa pamwamba pawo nawo umasiyana kutentha, ndipo kusiyanaku ndiko chakudya cha mphepo zamkuntho. Ndicho chifukwa chake mikuntho ya kum'mwera imatsata njira yoyandikana ndi malire a m'nyanja, makamaka kum'mwera chakum'mawa kwa Africa komwe madzi a Agulhas amakumana ndi madzi ozizira.

M'nyengo yozizira njirayi imasendera kumpoto. Mkuntho uliwonse umakoka mzere wa mpweya wozizira umene umagwetsa mvula ku Cape Town. Pambuyo pake pamabwera mulu waukulu wa mpweya wolemera wochokera ku Atlantic, umene umazungulira nsonga ya Africa n'kukankhira mpweya wozizirawo kumpoto kudzera ku Mozambique Channel. Podutsa pamwamba pa madzi ofunda a akamvulumvulu aja, mpweyawo umatola chinyezi. Ukagunda mapiri a Mulanje, Thyolo ndi Zomba umasanduka nkhungu ndi mvula yowaza yotchedwa chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Ukakhala wamphamvu umakwera mapiri a Kirk Range ku Ntcheu mpaka ku Dedza. Mitambo ikachoka, usiku wa nyenyezi umataya kutentha msanga, ndipo m'madambo chisanu chimatha kuwauza mbewu.

Panyanja ya Malawi mphepo yomweyi ndiyo mwera. Asodzi a ku gombe la Dedza, cha ku Mtakataka, amaudziwa ngati mdani wa mabwato, koma ulinso ndi phindu. Umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kum'mwera kwa nyanja madzi akuya okhala ndi chakudya amakwera pamwamba. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mbali ya Mangochi ili ndi nsomba zambiri.

Njira ya mikuntho ikasunthira kum'mwera, oyamba kuvutika ndi amene amadalira mvula ya m'nyengo yozizira. Cape Town idalawa zimenezi m'chilala cha 2015 mpaka 2017, ndipo kumayambiriro kwa 2018 mzindawu udatsala pang'ono kutseka mipopi. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwathu kuno mvula yeniyeni imagwa m'dzinja, koma kuzizira ndi chinyezi cha Meyi mpaka Ogasiti n'zofunika pa tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, pa mitengo ya paini ya m'nkhalango za Dedza ndi Chongoni, komanso pa mbewu za m'madimba.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi anamondwe. Namondwe amadya kutentha kwa nyanja. Akamadutsa amavundula madzi, ozizira a kunsi n'kukwera pamwamba, zomwe zimamufooketsa. Koma mkati mwa kamvulumvulu wofunda madzi otentha amapita pansi kwambiri, choncho ngakhale avundulidwe, amene amakwera amakhala ofundabe. Zidachitika ndi namondwe wa Katrina mu 2005 ku Gulf of Mexico, ndipo Mozambique Channel ili ndi akamvulumvulu a mtundu womwewo. Idai adakulira m'nyanja imeneyi asanagunde Beira mu Malichi 2019. Freddy adagunda Mozambique pa 24 Febuluwale 2023, n'kubwerera m'nyanjamo, kupezanso mphamvu, ndi kugundanso kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe la World Meteorological Organization lidatsimikiza kuti adakhala masiku 36, kuposa namondwe aliyense m'mbiri yolembedwa. Ku Malawi anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ambiri mwa iwo ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe.

Zimene zili pachiswe

Chuma cha Dedza chidamangidwa pa kuzizira. Kachewere amene amadzaza misika ya Lizulu ndi Chimbiya, n'kukathera m'ziwaya za tchipisi ku Lilongwe ndi Blantyre, amabereka bwino pamene kukutentha madigiri 15 mpaka 20, ndipo nthaka ikatentha kwambiri amaika masamba okhaokha. Kumbali inayo, masiku ambiri a nkhungu ndi chinyezi amabweretsa chiwawu, matenda otha kupsereza munda wonse m'masiku ochepa. Mlimi wa ku Bembeke ali pakati pa ziwirizi, ndipo kuchuluka kwa masiku ozizira, ouma kapena achinyezi m'chaka kumadalira mbali ina pa njira imene mikuntho ya kum'mwera yatsata.

Ndicho chifukwa chake dziko lopanda gombe la nyanja yamchere liyenera kutsatira nkhani za m'nyanja. Ulosi umene Nthambi Yoona za Kusintha kwa Nyengo ndi Zanyengo imatulutsa, wochenjeza za mwera, chiperoni kapena namondwe, umatsamira pa makompyuta akuluakulu oyerekeza mlengalenga ndi nyanja za dziko lonse. Kwa zaka zambiri makompyuta olosera za kusintha kwa nyengo ankagawa nyanja m'mabokosi a makilomita pafupifupi 100, aakulu kuposa akamvulumvulu ambiri a ku Southern Ocean, choncho ntchito yawo ankangoiyerekeza. Atsopano akugawa m'mabokosi a makilomita 10 kapena kucheperapo, ndipo akamvulumvuluwo ayamba kuoneka. Koma kompyuta singaone mvula ya pa Linthipe kapena chisanu cha m'dambo la ku Bembeke popanda zoyeza za pamalopo. Malo oyezera zanyengo osamalidwa bwino, kaundula wa zaka zambiri wosadukiza, ndi ophunzira a m'mayunivesite athu otha kuwerenga zithunzi za masetilaiti, ndilo gawo la ntchitoyi limene lili m'manja mwa Amalawi.